Botolo lija musabweze: zochita ngati mankhwala kapena chipangizo cha chipatala chakuvulazani

Zaka zingapo zapitazo mwana wa mchemwali wanga, ali ndi zaka zinayi, anayamba chifuwa ndi kutentha thupi. Bambo ake, pochokera kuntchito madzulo, anagula mankhwala amadzi a ana pa kasitolo kena kufupi ndi kwawo. Mwana anamwa masiku awiri. Tsiku lachitatu anayamba kusanza, thupi lonse lefu, mkodzo nawo unachepa mpaka mayi ake anachita mantha. Anagonekedwa m'chipatala masiku 11. Anachira, Mulungu ndi wabwino, lero ali pasukulu.

Koma mwana ali pa diripi, bambo ake, mtima ukuwawa, anatenga botolo lija ulendo kwa amene anawagulitsa. Wogulitsayo anapepesa mwaulemu, analandira botolo, anabweza ndalama, nawonjezerapo ya minibasi. Ine malume wa mwana ndinamva madzulo. Ndinafunsa kuti, "Alamu, nanga botolo lili kuti?" Iwo anati, "Tabweza alamu, ndalama atipatsa." Lisiti panalibe. Katoni anali atakolezera mbaula dzana lake. Mpaka lero banja lathu silidziwa ngati anadwalitsa mwana anali mankhwalawo kapena matenda ena, ndipo palibe dokotala, loya kapena woweruza amene angatiuze, chifukwa chinthu chokhacho chimene chikanayezedwa tinachipereka ndi manja athu. Chimandipweteka kwambiri ndi chakuti ngati botololo linali loipa, anzake a m'sitolo momwemo anapitiriza kugulidwa ndi makolo ena.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsafunsa ndi kuwerenga za nkhaniyi. Chimene ndinapeza n'chakuti mlandu wa mankhwala oipa munthu amaupambana kapena kuuluza m'masiku oyambirira, ali kunyumba ndi m'wodi, loya asanamuone n'komwe. Malangizo awa akutsata masiku amenewo.

Choyamba ndi moyo

Munthu akamwa mankhwala n'kuyamba kutupa nkhope kapena milomo, kubanika, kutuluka matuza pakhungu, zilonda mkamwa ndi m'maso, maso kuchita chikasu, kapena mwana kusiya kukodza, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi ku Gulupu (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre) kaya pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Mankhwalawo muwatenge pamodzi ndi katoni yake kuti adokotala awaone. Kuwaonetsa, osati kuwasiya.

Ngati ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a TB, a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musangosiya nokha chifukwa mwawakayikira. Kusiya mwadzidzidzi kungakuvulazeni kuposa chimene mukuthawa. Pitani tsiku lomwelo akakuuzeni chochita.

Muli pamenepo, pemphani mwaulemu kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala dzina la mankhwalawo, tsiku limene munayamba kumwa, ndi zimene zachitika. Mungonena kuti, "Adokotala, ndimapempha mulembemo kuti zayamba atamwa awa." Ambiri amalemba. Mzere umodzi umenewo, wolembedwa ndi wachipatala tsiku lomwelo, umalemera kukhoti kuposa zimene achibale khumi angadzakumbukire patapita zaka ziwiri.

Sungani chilichonse, ngakhale chooneka ngati chinyalala

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ife tinagwera.

Sungani botolo ndi zotsala zake, chitsekerero, kasupuni koyezera, katoni, kapepala ka malangizo kamkati, ngakhale kathumba kapulasitiki kamene a kufamase amalembapo kamwedwe. Ngati ndi mapiritsi, sungani chipepala chasiliva chimene munawatsomphola, ngakhale atatha onse. Musathire mankhwala m'botolo lina. Musatsuke. Ikani zonse m'jumbo yoyera, mangani, lembanipo tsiku, ndipo muziike pamalo ozizira, pouma, posafika ana. Ngati ndi mankhwala a m'fuliji monga insulini, akhalebe m'fuliji.

Pa katoni kapena pa botolo pamakhala zinthu zinayi zofunika: dzina la kampani yopanga ndi dziko lake, tsiku lopangidwa, tsiku lothera mphamvu, ndi nambala imene pambali pake pamalembedwa kuti Batch No. kapena Lot. Nambala imeneyi ndiyo mwini nkhani. Fakitale imapanga mankhwala m'magulumagulu, ngati mmene mayi amaphikira thobwa mbiya ndi mbiya, ndipo gulu lililonse lili ndi nambala yake. Mbiya imodzi ikaipa, sikuti zonse zaipa. Popanda nambalayo, oyang'anira mankhwala sangadziwe gulu loti alichotse m'masitolo, ndipo kampani ingonena kuti mankhwala ake amayezedwa ndipo ndi abwino. Jambulani mbali zonse ndi foni, manambala aziwerengeka, n'kutumiza zithunzizo pa WhatsApp kwa m'bale wodalirika kuti foni ikatayika umboni usatayike nayo.

Lisiti ndiyo imamangirira wogulitsa. Ngati simunalandire, onani ngati munalipira pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pa khadi la banki. Uthenga wa malipirowo uli ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wolandira, musaufufute. Ngati munalipira ndalama pamanja, kumbukirani amene munali naye. Ndipo nali langizo limene ndikanakonda wina akanatiuza: musanakadandaule kwa wogulitsa, tumani munthu wina akagule mankhwala omwewo pamalo pomwepo, aonetsetse kuti nambala ya gulu ndi yofanana, atenge lisiti, ndipo botololo musalitsegule. Botolo lotsegula kale, mbali inayo idzati munathiramo zina kunyumba kapena munalisiya padzuwa. Losatsegula, chidindo chake chili chomata, pakamwa pawo pamachepa.

Zipangizo nazo n'chimodzimodzi. Makina oyezera shuga kapena BP amene mukuwakayikira musapite nawo kwa okonza mawailesi kuti akawatsegule. Pitani nawo kuchipatala, akuyezeni ndi awo ndiponso ndi anu nthawi imodzi, manambala onse awiri alembedwe m'buku. Sungani kabotolo ka timapepala toyezera shuga, popeza nato tili ndi nambala ya gulu ndi tsiku lothera ntchito, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo osati pa makina. Ndodo yoyendera kapena njinga ya olumala ikathyoka, zidutswa musataye ndipo musawotcherere. Ngati ndi chinthu cha m'thupi, monga chitsulo cholumikizira fupa, lupu, kapena njira yolera ya pamkono, ndipo madokotala akuti achichotse, nenani opaleshoni isanachitike kuti mukufuna chisungidwe ndiponso kuti alembe mmene achipezera, kaya chothyoka, chopindika kapena chadzimbiri. Mukakumbukira mutatsitsimuka, chimakhala chitapita kale kootchera zinyalala za chipatala.

Kenako tengani kope la sukulu mulembe nkhani yonse motsatira masiku: munagula liti, kuti, kwa yani, anakuuzani kuti muzimwa bwanji, munamwa kangati, zizindikiro zinayamba nthawi yanji, mankhwala ena amene munkamwa nthawi yomweyo, kuphatikizapo azitsamba. Musabise azitsambawo. Akadzatulukira kukhoti inu mutabisa, mawu anu onse amasanduka okayikitsa. M'kope lomwelo muzimata malisiti a chipatala, a mankhwala, ndipo muzilemba ndalama za minibasi, za kabaza, ndi masiku amene inu kapena wodwazika simunapite kuntchito kapena kugeni.

Dziwani mtundu wa vuto lanu

Si kudwala kulikonse kobwera pambuyo pa mankhwala kumene kuli mlandu. Mankhwala abwinobwino amakhala ndi zovuta zina zodziwika kale, zolembedwa pa kapepala kaja, monga chizungulire kapena nseru. Ena thupi lawo limadana ndi penisilini kapena Bactrim, ndipo ngati palibe amene akanadziwa, kawirikawiri palibe womuimba mlandu. Nkhani imasintha ngati m'buku mwanu munalembedwa kale kuti mankhwalawo amakuwengani koma wina anakupatsanibe osayang'ana.

Mavuto amene amafika pa mlandu amagwa m'mitundu ingapo. Wina ndi wa kufakitale: mankhwala ndi oyenera, koma gulu lina linalowa poizoni, kapena linachepa mphamvu. Chitsanzo chowawa ndi cha ku Gambia mu 2022, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito. Mu Okutobala chaka chimenecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza dziko lonse za mankhwala amadzi anayi a chifuwa opangidwa ndi kampani ya Maiden Pharmaceuticals ya ku India, atapezamo diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu za m'mafakitale zimene zimawononga impso. Kampaniyo inakana. Taonani, ana onsewo atafa kampani inakanabe. Chimene chinayankhula m'malo mwa makolo ndi mabotolo amene anayezedwa.

Wina ndi wa kapangidwe kenikeniko, pamene chinthucho ndi choopsa ngakhale chitapangidwa ndendende monga anachikonzera. Mankhwala a thalidomide, amene kampani ya Grünenthal ya ku Germany inayamba kugulitsa mu 1957 ndipo amayi oyembekezera ankamwa pothetsa nseru, anachititsa kuti ana oposa 10,000 abadwe ndi manja kapena miyendo yosakwanira asanachotsedwe pamsika mu 1961. Mu 2010 kampani ya DePuy inachotsa pamsika zitsulo zake za m'chiuno zotchedwa ASR, zimene zinali zitaikidwa kale mwa anthu pafupifupi 93,000 padziko lonse, chifukwa zinkalephera msanga.

Wachitatu ndi wa chenjezo: mankhwala ndi abwino, koma wopanga kapena wopereka sananene kuti mayi woyembekezera asamwe, kapena kuti asaphatikizidwe ndi ena akutiakuti. Kuno kwathu kapepala kamkati kamakhala m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono, ndipo nthawi zambiri mapiritsi timalandira m'kathumba popanda kapepalako. Motero zimene wopereka mankhwala anakuuzani kapena sanakuuzeni pawindo zimakhala zazikulu. Zilembeni m'kope muja mukadazikumbukira.

Pali wachinayi, umene ndikuona kuti ndiwo wofala kwathu kuno: mankhwala anachoka kufakitale ali bwino koma anaonongeka panjira, kapena ndi achinyengo. Ambiri pa katoni amalembedwa kuti asungidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 25 kapena 30. Ganizirani mapiritsi amene akhala pathebulo pamsika wa Limbe kapena wa Ndirande mwezi wonse wa Okutobala. Mu 2017 WHO inanena kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, pafupifupi chimodzi mwa zinthu khumi zilizonse za mankhwala ndi chosakwanira mlingo kapena chachinyengo. Mankhwala otere kawirikawiri sapha ngati poizoni. Amangolephera kuchiritsa, malungo kapena chibayo n'kumapitirira mpaka munthu kupita, anthu n'kumati matenda anakula.

Kanenani, ngakhale simukufuna za khoti

Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mwachidule PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ndilo limalembetsa mankhwala ololedwa kugulitsidwa m'Malawi, kupereka ziphaso kwa mafamase ndi oitanitsa mankhwala kunja, kuyeza mankhwala okayikitsa, ndi kulamula kuti gulu loipa lichotsedwe pamsika. Pali fomu yonenera zovuta zobwera chifukwa cha mankhwala, imene dokotala, namwino kapena wa kufamase angakuthandizeni kulemba. Inunso lembani kalata yanu, yaifupi, yokhala ndi dzina la mankhwala, nambala ya gulu, kumene munagula, tsiku, zimene zinachitika, ndi zithunzi. Kalata iliyonse muzipanga ziwiri, inayo akudindireni kuti alandira.

Akafuna kutenga mankhwala kuti akayeze, perekani, koma pemphani pepala losonyeza amene watenga, tsiku, ndi chimene watenga, ndipo ngati n'kotheka gawo lina litsale kwa inu. Apa mpamene botolo lachiwiri lija limathandiza.

Ngati dandaulo lanu lili pa khalidwe la dokotala kapena kiliniko, pali Medical Council of Malawi. La namwino kapena mzamba, Nurses and Midwives Council of Malawi. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, wolandira madandaulo a odwala, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya Ombudsman. Pa nkhani ya kugulitsidwa katundu woipa kapena kunamizidwa ndi otsatsa malonda, pali Competition and Fair Trading Commission, ndiponso bungwe la ogula la CAMA lili konkuno ku Blantyre. Mabungwe amenewa angathe kufufuza, kulanda chiphaso kapena kulanga, ndipo lipoti lawo lingakhale umboni wamphamvu. Koma chipukuta misozi cha kuvulala kwa thupi kawirikawiri chimachokera kukhoti kapena pa mgwirizano wa mbali ziwiri, choncho musakhale pansi kudikira yankho lawo nthawi ikupita.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife timati zachitika zachitika, wogulitsayo ndi mnansi, timapemphera naye limodzi. Kunena ku PMRA si kumangitsa mnansi. Mwina iyenso anagulitsidwa katundu woipa osadziwa. Oyang'anira amazindikira gulu loipa akalandira madandaulo atatu, anayi, ochokera ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Lunzu, onse akutchula nambala imodzi. Aliyense akakhala chete poganiza kuti ndi tsoka lake yekha, nambalayo siidziwika.

Pa Facebook samalani. Kulemba dzina la famase kapena la dokotala n'kumati wapha mwana wanu musanakhale ndi umboni kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri, inu wolakwiridwa n'kusanduka woyankha.

Woyankha mlandu ndani?

Mankhwala amadutsa m'manja ambiri: wopanga, woitanitsa kunja, wogulitsa pikulitsa, famase kapena chipatala, ndi amene anakulemberani. Aliyense ali ndi udindo wake.

Wogulitsa ndiye wapafupi. Lamulo la Sale of Goods Act limati katundu wogulitsidwa ndi wamalonda ayenera kukhala wabwino moyenera kugulitsidwa ndi wogwira ntchito imene wagulidwira. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti simusowa kusonyeza kuti wogulitsayo ananyalanyaza. Mumasonyeza kuti munagula kwa iye ndipo katunduyo anali woipa. Iye akafuna akalimbane ndi amene anamugulitsa. Lamulo la Consumer Protection Act la 2003 nalonso limatchula ufulu wa wogula wotetezedwa pa thanzi ndi chitetezo chake, ndi wolandira chipukuta misozi pa zimene wamalonda wamuonongera.

Nanga wopanga, amene simunamuonepo ndipo simunagule kwa iye? Mfundo yake inachokera pa mlandu wa ku Scotland. Mu 1928 mayi wina, May Donoghue, anamwa chakumwa cha jinja m'tauni ya Paisley chimene anamugulira mnzake, ndipo anati m'botolo, limene linali losaonekera mkati, munatuluka nkhono yowola. Popeza sanagule yekha, analibe pangano ndi wogulitsa. Mu 1932 bwalo lalikulu la ku Britain la House of Lords linagamula, mwa mawu a woweruza Lord Atkin, kuti wopanga chinthu chimene chidzafike kwa munthu chili chotseka, popanda mpata woti wina achiunike panjira, ali ndi udindo wosamala kuti chisamuvulaze. Makhoti athu amatsata mfundo imeneyi. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana amene anamwa mankhwala ogulidwa ndi bambo ake, kapena wodwala amene analandira ulere, ali ndi poyambira.

Vuto ndi lakuti mankhwala ambiri amene timamwa amapangidwa kunja, ku India, ku China, ku Kenya, ndipo kusumira kampani ya kutali kumadya ndalama ndi zaka. N'chifukwa chake loya amayamba wafufuza amene anawalowetsa m'dziko muno, amene ali ndi ofesi ndi katundu kuno. Chipatala nacho chimayankha pa zolakwa za antchito ake, monga kupereka mankhwala otha mphamvu, mlingo wolakwika, kapena kugwiritsa ntchito chipangizo chodziwika kuti n'chowonongeka.

Amene munagula pamsika, m'basi, kapena kwa woyenda ndi chikwama, ndinene mosabisa: mwayi wa chipukuta misozi ndi wochepa. Wogulitsayo alibe chiphaso, mawa simumupeza, ndipo ngakhale mutamupeza alibe cholipira. Kampani yolembedwa pa katoni idzati si ake, ndi achinyengo. Kanenanibe ku PMRA ndi kupolisi, chifukwa kugulitsa mankhwala popanda chiphaso ndi mlandu. Chimodzimodzi zamadzi za m'mabotolo opanda dzina la wopanga zimene amati zimachiza shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi.

M'milandu yonseyi phiri lalikulu ndi limodzi: kusonyeza kuti chinthucho ndicho chinakuvulazani, osati matenda amene munali nawo kale. Khoti silifuna kuti mutsimikize kopanda chikayiko chilichonse monga pa mlandu wakupha. Limafuna lione kuti nkhani yanu ndiyo yolemera poiyika pa sikelo ndi ya mbali inayo. Komabe pamafunika lipoti la dokotala, ndipo nthawi zambiri zotsatira za kuyeza mankhwalawo. Pemphani lipoti la chipatala msanga, mafayilo asanasowe ndiponso dokotala amene anakuonani asanasamutsidwe.

Kwa loya, ndipo msanga

Kumudzi timati mlandu suwola. Kukhoti umawola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zokha pa milandu yofuna chipukuta misozi chifukwa cha kuvulala kwa thupi. Zaka zitatu zimaoneka zambiri, koma chaka choyamba chimathera kudwazika, chachiwiri kudikira mayankho a makalata. Ndiponso ngati wosumiridwa ndi boma, monga pa zochitika m'chipatala cha boma, mlandu umapita kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti mupereke chidziwitso cholemba n'kudikira miyezi itatu musanatsegule mlandu. Choncho onanani ndi loya m'miyezi yoyambirira, ngakhale wodwala asanachiriretu.

Ngati mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi mu Blantyre muno. Amaona kapezedwe kanu ndi kulemera kwa nkhani yanu, ndipo ena amapemphedwa kuthandizapo pang'ono. Ngati mukupita kwa loya wolipira, onetsetsani kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho; a Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa. Za malipiro mugwirizane polemba tsiku loyamba. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi ndi pafupi ndi makhoti, olonjeza mamiliyoni n'kukutengerani buku la kuchipatala. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Perekani mafotokope, ndipo jumbo ya umboni ija muipereke kwa loya yekha, atakulemberani kuti walandira.

Kawirikawiri loya amayamba ndi kalata yofuna chipukuta misozi. Ena amalipira pamenepo, makamaka amene ali ndi inshuwalansi. Zikakanika, mlandu umatsegulidwa, waukulu ku High Court ku Chichiri. Malamulo a khotilo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa zokambirana pamaso pa woweruza, kuyesa kugwirizanitsa mbali ziwiri, isanafike pozengedwa. Mwana sasuma yekha. Amamuimira kholo kapena womulera.

Khoti likapeza kuti mbali inayo ndi yolakwa, chipukuta misozi chimawerengedwa m'magawo: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zimene munkachita kale, zipsera kapena kupunduka, ndalama zimene mukanapeza pantchito, ndi zimene munawononga. Gawo lomalizali khoti limafuna umboni wa ndalama iliyonse, ndipo mpamene kope la malisiti lija limabweza thukuta lanu. Milandu imatenga nthawi, nthawi zina zaka, ndipo woluza angathe kulamulidwa kulipira zina mwa zimene mnzake wawononga pa mlandu. Loya wabwino adzakuuzani poyera ngati umboni wanu ndi wofooka. Mumvereni.

Akabwera ndi envelopu

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, timatero, ndipo munthu amene ali ndi wodwala m'wodi, ngongole ili m'khosi, savuta kumunyengerera. Wogulitsa kapena woimira kampani angabwere ndi chipepeso ndi pepala loti musaine. Thandizo lolipirira chipatala mungalandire, koma mulembe kuti ndi la chipatala basi, pakhale mboni. Pepala lonena kuti nkhani yatha ndipo simudzafunanso kanthu musasaine loya asanaliwerenge, chifukwa mavuto ena, monga a impso, a chiwindi kapena a makutu, amadzaonekera bwino patapita miyezi. Ndipo kaya apereke zingati, botolo lisapite nawo. Akati akufuna akaliyeze okha, auzeni kuti akatenge lina la nambala yomweyo m'sitolo mwawo.

Zikafika pa maliro

Ili ndi gawo lovuta kulilemba. Munthu akamwalira ndipo banja likukayikira mankhwala, funso la kupima mtembo limabwera pa nthawi imene aliyense akungofuna kunyamula thupi kupita kumudzi. Ambiri timakana, timati wavutika kale, asamuchekenso. Ndikumvetsa. Koma popanda kupima, chimene chinapha munthu chimatsala chongoganizira, ndipo akaikidwa m'manda zimavuta kwambiri kubwerera. Mwini mbumba ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhale pansi tsiku lomwelo, thupi lisanakonzedwe ndi mankhwala oumitsa, popeza mankhwalawo amasokoneza zoyeza za poizoni. Mukagwirizana, uzani adokotala ndi apolisi kuti mukukayikira mankhwala, muwaonetse, ndipo mupemphe kuti magazi ndi zina zoyenera zitengedwe.

Lamulo limalola mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana, ndi makolo amene ankadalira iye kufuna chipukuta misozi cha thandizo limene ataya, kuwonjezera pa moyo wofupikitsidwa ndi zowonongedwa pamaliro. Padzafunika chikalata cha imfa, lipoti la kupima, umboni wa zimene malemu ankapeza, kaya ndi mapepala a malipiro kaya kope la geni, ndi mayina ndi zaka za ana onse. Loya adzakuuzani ngati pakufunikanso chikalata cha khoti chosankha woyendetsa chuma cha masiye.

Pa chipwirikiti cha maliro, nyumba imasesedwa, katundu wa malemu amasonkhanitsidwa, ndipo mankhwala otsala amakhala oyamba kuponyedwa m'chimbudzi. Sankhani munthu mmodzi wodekha, amene sali pakati penipeni pa chisoni, mwina mlamu kapena mnzake wa kumpingo, mumuuze kuti asanayambe china chilichonse alowe m'chipinda, atole mankhwala onse, makatoni, malisiti ndi buku la kuchipatala, aziike m'jumbo imodzi, apite nazo kwawo akazitsekere m'kabati.